Melanoma Anaichotsa, Nanga Ingabwererenso? Mafunso ndi Mayankho

Munthu akauzidwa kuti khansa yake yapezeka msanga ndipo yachotsedwa yonse, mtima umakhala m'malo. Koma chilonda chikapola, pakapita masabata angapo, funso limabwera lokha, makamaka usiku tulo tikasowa: nanga ikayambiranso? Mafunso ali m'munsiwa ndi amene amavutitsa anthu amene anachitidwa opaleshoni ya melanoma isanafike ku anabere kapena ku ziwalo zina, pamodzi ndi achibale awo. Tineneretu kuti ambiri mwa anthu otere amachira ndithu, khansayo osadzaonekanso. Koma ngozi si yofanana kwa onse, ndipo chimene chimasiyanitsa wina ndi mnzake chinalembedwa kale pa pepala limodzi, lipoti la ku labotale, limene odwala ambiri sanalionepo n'komwe.

Kodi melanoma "yoyambirira" ndi iti?

Melanoma ndi khansa yoyambira m'maselo amene amapanga mtundu wa khungu. Madokotala amaigawa m'masiteji kuyambira 0 mpaka IV, ndipo m'mayiko ambiri amatsatira kagawidwe ka bungwe la ku America lotchedwa AJCC, kamene kanakonzedwa kachisanu ndi chitatu n'kuyamba kugwira ntchito mu 2018. Siteji 0 ndi pamene maselo oipawo akadali m'kakhungu ka pamwamba penipeni, sanalowe pansi pamene pali mitsempha. Ikachotsedwa bwino pamenepo sifalikira. Siteji I ndi II ndi pamene chotupa chalowa pansi, koma palibe umboni woti chafika ku anabere kapena kwina kulikonse. Masiteji atatuwa ndi amene amatchedwa oyambirira.

Vuto la liwu limeneli ndi loti limaika m'thumba limodzi zinthu zosiyana kwambiri. Kachotupa kopyapyala ka siteji IA ndi chotupa chokhuthala, chachilonda, cha siteji IIC, zonse amati zoyambirira, koma tsogolo lake silifanana. Musakhutire ndi mawu oti "taipeza msanga". Funsani nambala ya siteji ndi chilembo chake.

Ngati dokotala anachotsa chonse, ibwerera kuchokera kuti?

Njira zake ndi ziwiri. Yoyamba ndi yoti maselo ena anatsalira m'mphepete mwa pamene anadula, osaoneka ndi maso, kenaka n'kuphukira ngati chitsa. Yachiwiri ndi imene imadetsa nkhawa kwambiri: tsiku la opaleshoni lisanafike, maselo ochepa anali atachoka kale kudzera m'timitsempha tonyamula madzi a m'thupi kapena m'magazi, n'kukabisala kwina. Panthawiyo amakhala ochepa kwambiri moti palibe sikani imene ingawaone. Chitetezo cha m'thupi chimapha ambiri mwa iwo, ena chimawapanikiza kwa zaka, koma ena amadzakula.

Ndiye khansa ikabwerera, nthawi zambiri si kuti wodula analakwitsa, ndiponso si kuti wodwalayo anachita china choipa pambuyo pake. Zambiri zimene zikutsatira apa ndi zizindikiro zothandiza kuyerekeza ngati maselo anali ndi mpata wothawa opaleshoni isanachitike.

Pa zizindikiro zonsezo, chachikulu ndi chiti?

Kuzama kwa chotupa. Anthu ambiri amaopa kukula kwake poonera pamwamba, koma banga lotambalala ngati chikhatho likhoza kukhala lopyapyala, pamene kachotupa kakang'ono kakhoza kukhala katalowa pansi kwambiri. Mu 1970 dokotala woyeza zotupa wa ku George Washington University, Alexander Breslow, anasonyeza kuti ukayeza pa maikulosikopu kuchokera pamwamba pa khungu mpaka pamene pathera maselo a khansa pansi, nambala imeneyo imalosera bwino za tsogolo la wodwala. Mpaka lero dzina lake limapezeka pa lipoti la melanoma iliyonse imene yalowa pansi, pambali pake pali nambala ya mamilimita.

Malire ake ali motere. Chotupa chosapitirira milimita imodzi amati T1, ndipo pakati pake pali mzere wina pa mamilimita 0.8. Chopitirira milimita imodzi mpaka mamilimita 2 ndi T2. Chopitirira 2 mpaka 4 ndi T3, ndipo chopitirira 4 ndi T4. Milimita imodzi ndi kanthu kakang'ono zedi, pafupifupi zikhadabo ziwiri zosanjikizana, koma pa khungu ndi mtunda wautali. Maselo akamalowa pansi amayandikira mitsempha, ndipo mpata wolowamo umachuluka.

Apa mpamene mtundu wina wa melanoma umaopsera, umene pa lipoti amaulemba kuti nodular. Mitundu yambiri imayamba kuyala m'mbali kwa miyezi kapena zaka isanayambe kulowa pansi. Uwu umalowa pansi kuchokera pachiyambi, umatumphuka ngati kabulu kolimba m'masabata kapena miyezi yochepa, ndipo nthawi zina sukhala wakuda n'komwe, umangofiira. Pofika poupeza umakhala utakhuthala kale.

Pa lipoti langa alemba kuti ulceration. N'chiyani chimenecho?

Zikutanthauza kuti kakhungu ka pamwamba pa chotupa kanali katadyeka, chotupacho chitasanduka chilonda chokha. Amaona zimenezi pa maikulosikopu, ndipo si chilonda chobwera chifukwa chodzikanda kapena chifukwa cha mpeni wa dokotala. Ichi ndi chizindikiro chachiwiri pa kufunika, ndipo chimasonyeza kuti chotupacho chinali chaukali. N'chifukwa chake pa T aliyense amawonjezera chilembo: a ngati panalibe chilonda, b ngati chinalipo. Pa T1 pokha, chotupa cha mamilimita 0.8 mpaka milimita imodzi amachilembanso b ngakhale chilibe chilonda. Chilembocho chimakweza siteji. Mwachitsanzo, chotupa cha mamilimita 1.5 chopanda chilonda ndi siteji IB, koma cha kuzama komweko chokhala ndi chilonda ndi IIA. Cha mamilimita 5 chopanda chilonda ndi IIB, chokhala ndi chilonda ndi IIC.

Kodi pali manambala osonyeza kusiyana kumeneku?

Alipo. AJCC itasonkhanitsa mbiri ya odwala masauzande ambiri inapeza kuti pa anthu 100 alionse a siteji IA, 99 amakhala asanamwalire ndi melanoma pakatha zaka 5, ndipo 98 pakatha zaka 10. Pa IB ndi 97 ndi 94. Pa IIA ndi 94 ndi 88. Pa IIB ndi 87 ndi 82. Pa IIC ndi 82 ndi 75.

Pali chinthu china chodabwitsa m'manambalawa. Anthu a siteji IIIA, amene khansa inafika kale ku mwanabere koma pang'ono chabe, amachita bwino kuposa a IIB ndi IIC: 93 pa 100 pakatha zaka 5. Tsono nambala yotsika ya siteji si nthawi zonse imene imatanthauza ngozi yochepa. Chotupa chokhuthala chachilonda chikhoza kulowa m'magazi osadutsa n'komwe ku anabere.

Powerenga manambalawa kumbukirani zinthu ziwiri. Akunena za imfa, osati za kubwerera kwa khansa. Amene khansa imawabwerera ndi ambiri kuposa amene amamwalira nayo, chifukwa ambiri amathandizidwanso n'kukhala bwino. Komanso ambiri mwa odwala amene anawerengedwawo anadwala mankhwala atsopano asanabwere.

Nanga mawu ena ovuta amene ali pa lipotilo?

Ndi bwino kupempha kope la lipotilo ndi kukhala pansi ndi dokotala kuti akumasulireni mzere ndi mzere. Safunsa anadya phula, ndipo thupilo ndi lanu.

Mupezapo mawu oti mitotic rate. Woyeza amawerenga maselo amene akugawikana m'kadera ka milimita imodzi mbali zonse. Akachuluka, ndiye kuti chotupa chinkakula mofulumira. Mu 2018 chiwerengerochi anachichotsa pa zogawira siteji, koma amachilembabe, ndipo madokotala amachiganizira makamaka pa zotupa zopyapyala pamene akufuna kusankha ngati ayeze mwanabere.

Mupezanso ngati maselo a khansa anaoneka mkati mwa timitsempha, zimene amalemba kuti lymphovascular invasion. Zikakhalapo ngozi imakwera, chifukwa woyeza waona ndi maso ake maselo ali pa njira. Ngati maselo anazinga minyewa, khansayo imakonda kubwerera pafupi ndi chipsera. Izi zimachitika kwambiri pa mtundu wotchedwa desmoplastic, umene umakonda kumutu ndi m'khosi, ndipo nthawi zina amawonjezera chithandizo chowotcha ndi cheza. Ngati apeza timagulu ta maselo tapatali pang'ono ndi chotupa chachikulu, tosalumikizana nacho, siteji imakwera n'kukhala III ngakhale anabere ali bwinobwino.

Pali nkhani yabwinonso imene ingalembedwe. Asilikali a m'thupi akapezeka ambiri atalowerera m'chotupa chonse, tsogolo limakhala labwinopo. Ndipo mukaona dzina la Clark ndi nambala ya pakati pa I ndi V, imeneyo ndi njira yakale yoyezera kulowa pansi kwa chotupa, ya dokotala Wallace Clark ya mu 1969. Ena amailembabe, koma masiku ano sigwiritsidwa ntchito pogawa siteji.

Anandidula kawiri. Kodi koyambako analakwitsa?

Ayi, ndi mmene ziyenera kukhalira. Koyamba amachotsa chotupa kuti akachiyeze. Akadziwa kuzama kwake, amabwerera kudzachotsa khungu looneka labwino lozungulira chipsera, kuti maselo otsalira apite nalo limodzi. Pa siteji 0 amachotsa theka la sentimita mpaka sentimita imodzi mbali zonse. Pa chotupa chosapitirira milimita imodzi amachotsa sentimita imodzi. Pakati pa milimita imodzi ndi mamilimita 2 amachotsa sentimita imodzi kapena masentimita 2, ndipo chikapitirira mamilimita 2 amachotsa masentimita 2. Kale ankadula malo aakulu kwambiri, mpaka masentimita 5, koma kafukufuku anasonyeza kuti kudula kopitirira sikutalikitsa moyo, kumangosiya chilema.

Amene sanachitidwe opaleshoni yachiwiriyi, kapena amene lipoti lawo likuti maselo anafika mpaka m'mphepete mwa chodulidwacho, ali pa ngozi yaikulu yoti khansa iphukenso pamalo omwewo. Ngati inu simukutsimikiza kuti yachiwiriyo inachitika, bwererani mukafunse.

Banga langa linawotchedwa, silinapite ku labotale. Zili ndi vuto?

Zili nalo, ndipo nkhaniyi imandipweteka mtima chifukwa ndi yopeweka. Banga lakuda lokayikitsa likawotchedwa ndi magetsi, ndi mankhwala otentha kapena ndi laser, kapena likadulidwa n'kutayidwa, umboni wonse umapita nalo. Palibenso amene angadziwe ngati inali melanoma, kuzama kwake, kapena ngati mizu inatsala. Pamwamba pamapola bwino, pansi maselo akupitiriza kukula. Ngakhale kupala pamwamba pokha n'kutumiza ku labotale kuli ndi vuto lake mpeni ukadutsa pakati pa chotupa, chifukwa nambala ya Breslow imatuluka yochepa kuposa yeniyeni. Chilichonse chochotsedwa pa khungu chimene chimakayikitsa chiyenera kuyezedwa. Ngati chanu chinatayidwa kale, uzani dokotala za malowo kuti aziwayang'anira pamodzi ndi anabere apafupi.

Kodi kuyeza mwanabere woyamba n'kofunika kwa aliyense?

Ayi. Njirayi anaifalitsa dokotala wa ku America, Donald Morton, mu 1992. Amabaya utoto ndi mankhwala olondolera pafupi ndi pamene panali chotupa, n'kuona mwanabere amene madzi a pamalopo amayamba kufikira, kaya m'khwapa, m'mphechepeche kapena m'khosi. Ameneyo amamuchotsa n'kukamuyeza. Pa chotupa chosafika mamilimita 0.8 chopanda chilonda, osakwana 5 pa 100 ndi amene amapezeka ndi khansa m'mwanabere, choncho kawirikawiri sayeza. Pakati pa 0.8 ndi milimita imodzi, kapena ngati panali chilonda, amakambirana ndi wodwala. Chikapitirira milimita imodzi amalimbikitsa kuyeza.

Mwanabere akapezeka woyera, imeneyo ndi nkhani yabwino kwambiri ndipo ngozi imatsika. Koma sifika pa ziro, chifukwa nthawi zina kuyezako kumaphonya, ndipo monga tanena, maselo ena amadutsa m'magazi. Akapezeka ndi khansa, siteji imakhala III. Kale zikatero ankachotsa anabere onse a m'deralo, ndipo ambiri ankatupa mwendo kapena mkono kwa moyo wonse. Kafukufuku wotchedwa MSLT-II, amene zotsatira zake zinatuluka mu 2017, anasonyeza kuti kuchotsa onsewo sikutalikitsa moyo poyerekeza ndi kuwayang'anira pafupipafupi ndi sikani ya ultrasound.

Malo amene chotupa chinali ali ndi kanthu?

Ali nako. Melanoma ya pa mkono kapena pa mwendo kawirikawiri imatha bwino kuposa ya pa msana, pa chifuwa, m'khosi kapena kumutu. Ya m'tsitsi ndi yovuta kwambiri: tsitsi limaibisa mpaka itakula, mitsempha ndi yambiri pamenepo, ndipo madzi a m'mutu amapita ku anabere osiyanasiyana. Pa nkhope ya anthu achikulire pamakonda mtundu wotchedwa lentigo maligna, umene umakula pang'onopang'ono koma malire ake saoneka bwino, choncho umakonda kuphukanso m'mphepete mwa chipsera. Pa mtundu umenewu ena amadula pang'onopang'ono, akuyeza m'mphepete nthawi iliyonse mpaka atapeza khungu loyera.

Ine ndine wakhungu lakuda. Ndinkaganiza kuti matendawa ndi a azungu okha.

N'zoona kuti melanoma imagwira kwambiri anthu akhungu loyera, koma palibe mtundu wa anthu umene imausiya. Mwa anthu akhungu lakuda, imene imapezeka kwambiri ndi ya kunsi kwa phazi, pa chidendene, m'chikhatho ndi pansi pa chikhadabo, imene amaitcha acral. Imeneyi sibwera chifukwa cha dzuwa. Kuopsa kwake kwakukulu ndi koti imapezeka mochedwa. Munthu amati ndi chilonda cha munga, njerewere, mafangasi kapena magazi oundana atapunthwa, n'kumapaka mankhwala kwa miyezi, ndipo pofika ku labotale chotupa chimakhala chitakhuthala ndi kusanduka chilonda. Woimba wa ku Jamaica, Bob Marley, anapezeka ndi melanoma pansi pa chikhadabo cha chala cha kuphazi mu 1977, ndipo anamwalira nayo mu 1981 ali ndi zaka 36 zokha.

Kudula kumapazi ndi ku zala kulinso ndi vuto lake, chifukwa khungu lake ndi lochepa ndipo kupeza masentimita 2 mbali zonse kumafuna kumezanitsa khungu, mwinanso kudula nsonga ya chala. Munthu amazengereza, ndipo m'pomveka. Koma kunyengerera pamenepa ndi kumene kumasiya maselo.

Za zikhadabo tionjezere mawu amodzi. Anthu ambiri akhungu lakuda ali ndi mizere yakuda yoyenda m'litali mwa zikhadabo zingapo, ndipo imeneyo si matenda. Wokayikitsa ndi mzere wa pa chikhadabo chimodzi umene ukutambalala, ukusintha mtundu, ukuswa chikhadabo, kapena kuda kwake kukufalikira pa khungu la m'mbali. Magazi oundana amayenda n'kutuluka chikhadabo chikamakula, melanoma sichoka.

Zaka zanga, kapena kukhala mwamuna kapena mkazi?

Anthu achikulire khansa imawabwerera kwambiri kuposa achinyamata, ndipo zotupa zawo zimapezeka zokhuthala ndi zachilonda kawirikawiri. Amuna amachita moipirapo kuposa akazi ngakhale zotupa zitafanana kuzama. Izi palibe angazisinthe, koma zimathandiza dokotala kusankha kuti azikuonani kangati.

Chitetezo cha m'thupi chikakhala chofooka?

Melanoma ndi imodzi mwa khansa zimene chitetezo cha m'thupi chimalimbana nazo kwambiri, choncho chikafooka ngozi imakwera. Izi zikukhudza amene anaikidwa impso kapena chiwalo china ndipo akumwa mankhwala oletsa thupi kuchikana, amene ali ndi khansa ina ya m'magazi yotchedwa CLL, komanso amene ali ndi HIV makamaka ngati sakumwa mankhwala moyenera. Ngati muli pa ma ARV, kumwa mosadumphitsa ndi mbali ya kudziteteza ku khansayi. Ngati muli pa mankhwala ochepetsa chitetezo, musawasiye nokha. Madokotala anu awiri akambirane ngati angasinthe mtundu kapena mlingo.

Ikabwerera, imabwerera liti ndipo kuti?

Pa zotupa zokhuthala, zambiri zimabwerera m'zaka ziwiri kapena zitatu zoyambirira, ndipo chaka chilichonse chimene chikudutsa ngozi imatsika. Zopyapyala sizibwerera kawirikawiri, koma zikabwerera zimatha kuchedwa, nthawi zina kupitirira zaka 10. N'chifukwa chake munthu amene anadwalapo melanoma ayenera kutchula zimenezi kwa dokotala aliyense amene akumuona, ngakhale papite zaka zambiri bwanji.

Malo ake akhoza kukhala pa chipsera pomwepo kapena pafupi nacho. Ikhoza kuonekanso ngati timibulu pa khungu kapena pansi pake, m'njira yochokera pa chipsera kupita ku anabere, monga pa mwendo wa munthu amene anadulidwa kuphazi. Ikhoza kukhala mu anabere enieniwo. Kapena ikhoza kupita kutali: m'mapapo, m'chiwindi, mu ubongo, m'mafupa, m'matumbo, kapena pa khungu la kwina.

Banga latsopano latuluka pamalo ena. Kodi ndi yomweyo yabwerera?

Mwina ayi. Munthu amene anadwalapo melanoma ali pa ngozi yokwera kangapo yodwala ina yatsopano, yosakhudzana ndi yoyamba ija. Kusiyanitsaku n'kofunika, chifukwa yatsopano ikapezeka yopyapyala imangochotsedwa basi. Ngoziyi ndi yaikulu kwa amene ali ndi timadontho tambiri pa khungu, akhungu loyera losachedwa kupsa ndi dzuwa, ndi amene m'banja mwawo muli ena odwala matendawa. M'mabanja ena mumayenda jini yosokonekera yotchedwa CDKN2A (majini ndi malangizo a m'maselo amene timatengera kwa makolo). Ngati anthu angapo a magazi amodzi adwala melanoma, kapena melanoma ndi khansa ya kapamba, kapena inu nokha mwadwala kangapo, funsani za kuyeza majini. Makolo, abale ndi ana anu adziwitseni kuti nawonso aziyang'ana khungu lawo.

Kodi kupewa dzuwa kungaletse khansa kubwerera?

Tinene mosabisa: mthunzi ndi chipewa sizingaphe maselo amene anachoka kale. Chimene zimachita ndi kuchepetsa ngozi ya melanoma yatsopano ndi khansa zina za pakhungu, ndipo chimenecho chokha n'chokwanira kuti muzisamala. Ku Nambour, ku Australia, anthu amene anauzidwa kudzola mafuta oteteza ku dzuwa tsiku ndi tsiku anadwala melanoma mocheperapo pa zaka zotsatira kuposa amene ankadzola mwa apo ndi apo. Makina odetsera khungu ndi cheza apeweni kotheratu. Bungwe lofufuza za khansa la IARC linawaika mu gulu la zinthu zoyambitsa khansa mu 2009. Anthu achialubino ayenera kusamala koposa. Khansa zimene zimawagwira kwambiri ndi mitundu ina ya pakhungu, koma melanoma ikabwera imatha kukhala yopanda mtundu wakuda, yongofiira. Ngati mukubisala kwambiri ku dzuwa, funsani ngati mukufunika kuwonjezera vitamini D.

Alipo mankhwala ochepetsa ngoziyi opaleshoni itatha?

Pa siteji 0, I ndi IIA chithandizo ndi opaleshoni yokha ndi kuyang'anira. Pa IIB ndi IIC zinthu zinasintha. Bungwe loona za mankhwala ku America, FDA, linavomereza pembrolizumab mu December 2021 potsatira kafukufuku wa KEYNOTE-716, kenaka nivolumab mu October 2023 potsatira CheckMate 76K. Onsewa amadzutsa chitetezo cha m'thupi kuti chione maselo a khansa, ndipo amaperekedwa kwa chaka chimodzi. Amachepetsadi chiwerengero cha amene khansa imawabwerera.

Koma si nkhani yongovomera. Ambiri a siteji IIB ndi IIC amakhala atachira kale ndi opaleshoni yokha, ndipo palibe njira yodziwira kuti ndi ati, choncho ena amalandira mankhwala amene sankawafunikira. Chitetezo chikadzutsidwa chimatha kuukira ziwalo zabwino: matumbo, chiwindi, mapapo, khungu. Chithokomiro ndi tiziwalo tina topanga mahomoni zikawonongeka, munthu amamwa mankhwala moyo wake wonse. Pa masiteji awiriwa mankhwalawa anavomerezedwa chifukwa choletsa khansa kubwerera, osati chifukwa cha umboni woti amatalikitsa moyo kuposa kudikira n'kuwapereka khansa ikaonekera. Ndi odula kwambiri ndipo sapezeka paliponse. Wina amasankha kulandira, wina amasankha kuyang'aniridwa mwatcheru, ndipo onsewo akhoza kukhala atasankha mwanzeru malinga anauzidwa mbali zonse.

Ndizipita kangati kukaonedwa? Bwanji sandijambula sikani?

Kawirikawiri a siteji IA mpaka IIA amaonedwa miyezi 6 mpaka 12 iliyonse kwa zaka zingapo, pamene a IIB ndi IIC amaonedwa miyezi 3 mpaka 6 iliyonse m'zaka ziwiri zoyambirira, kenaka motalikirana mpaka zaka 5. Malangizo amasiyana pang'ono dziko ndi dziko. Pa masiteji otsika sikani za nthawi ndi nthawi sizilimbikitsidwa ngati munthu sakumva kalikonse, chifukwa zimapeza timadontho tambiri tosaopsa, n'kubweretsa mantha ndi kubayidwa kopanda phindu. Pa IIB ndi IIC madokotala ambiri amazichita kwa zaka zingapo. Kuyeza magazi sikuthandiza kwenikweni pa melanoma yoyambirira.

Ndingadziyang'anire bwanji ndekha?

Khansa zambiri zobwerera amazipeza ndi wodwala mwini kapena mnzake wa m'nyumba, osati makina. Kamodzi pa mwezi, pamalo owala bwino, yambani ndi chipsera. Chiyang'aneni, kenaka chisisiteni ndi nsonga za zala kufufuza kabulu kolimba kapena mtundu wakuda umene ukubwerera. Yendetsani dzanja pa khungu lonse kuchokera pamenepo mpaka ku anabere apafupi. Fufuzani m'khosi, pamwamba pa fupa la m'phewa, m'khwapa ndi m'mphechepeche. Mwanabere wa matenda wamba amapweteka, ndi wofewa ndipo amaphwa m'masabata ochepa. Wa khansa kawirikawiri ndi wolimba, sapweteka ndipo amangokulirakulira. Pomaliza yang'anani thupi lonse, osaiwala kunsi kwa mapazi, pakati pa zala ndi kumaliseche. Kumsana ndi m'tsitsi pemphani wina akuoneni. Kujambula ndi foni kumathandiza, chifukwa maso amazolowera chinthu chimene chikusintha pang'onopang'ono.

Zina zoti musazinyalanyaze ndi chifuwa chosatha, kupuma movutika, mutu wachilendo umene sukusiya, kukomoka, kufooka mbali imodzi, kupweteka kwa fupa pamalo amodzi, kuonda popanda chifukwa, ndi chimbudzi chakuda kapena cha magazi.

Ndikufuna kukhala ndi mwana. Mimba ingadzutse khansayi?

Kafukufuku sanasonyeze kuti kutenga mimba pambuyo pa melanoma yoyambirira kumaibweza. Amene chotupa chawo chinali chopyapyala kawirikawiri sauzidwa kudikira. Amene chinali chokhuthala ena amalangizidwa kudikira zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa imeneyo ndi nthawi imene khansa imakonda kubwerera, ndipo kuichiza munthu ali woyembekezera n'kovuta. Amene akulandira mankhwala odzutsa chitetezo aja ayenera kulera mpaka dokotala atawalola.

Pali chakudya kapena mankhwala azitsamba oletsa kubwerera?

Palibe chimene chatsimikizika. Choopsa kwambiri ndi kupaka zinthu zowotcha pa kabulu kamene katuluka, kapena kutaya miyezi mukuyesa zina musanayezedwe. Nkhawa nayo siibweza khansa, choncho musadziimbe mlandu chifukwa choopa. Mantha amenewa ndi a anthu ambiri, makamaka tsiku lokaonedwa likamayandikira, ndipo akakulepheretsani kugona kapena kugwira ntchito, auzeni a chipatala monga mmene mungawauzire za ululu.

Ikabwerera ndiye kuti zatha?

Ayi ndithu. Yobwerera pa chipsera, pa khungu kapena mu anabere kawirikawiri imachotsedwa ndi opaleshoni, n'kuwonjezera mankhwala. Ngakhale yofalikira kutali si mmene inalili kale. Chaka cha 2011 chisanafike panalibe mankhwala ovomerezeka amene anasonyeza bwino kuti amatalikitsa moyo wa odwala otere. Chaka chimenecho kunavomerezedwa mankhwala odzutsa chitetezo otchedwa ipilimumab. Mu kafukufuku wa CheckMate 067, pafupifupi theka la odwala amene analandira nivolumab ndi ipilimumab pamodzi anali asanamwalire ndi melanoma patatha zaka 10. Komanso pafupifupi theka la melanoma za pakhungu zili ndi jini yosokonekera yotchedwa BRAF, ndipo zimenezi zili ndi mapiritsi akeake monga dabrafenib ndi trametinib, ngakhale kuti pa melanoma ya kumapazi ndi m'zikhadabo jini imeneyi sipezeka kawirikawiri.

Ndapeza kabulu pafupi ndi chipsera, koma tsiku langa lokaonedwa lili kutali. Ndidikire?

Musadikire. Timibulu tambiri totere timakhala ulusi wosokera umene unatsala mkati, chipsera cholimba kapena mwanabere wotupa ndi matenda wamba, koma palibe amene angasiyanitse pongogwira. Musakafinye, musakabaye, musapakepo kanthu. Kajambuleni mutaika chala kapena rula pambali pake, lembani tsiku limene mwakaona, ndipo pitani ku chipatala sabata yomweyo. Nyamulani kope la lipoti la ku labotale, ndipo mukangolowa nenani kuti munadwalapo melanoma, chaka chake, malo ake ndi kuzama kwake, kuti amene akukuonaniyo asakupatseni mankhwala a chithupsa n'kukubwezani kunyumba. Ngati kabuluko kakukayikitsa, pemphani kuti atengeko kachidutswa ndi singano kapena akachotse, ndipo kapite ku labotale.